Hatchi yanga yatupa mwendo komanso ikungogalopa, vuto ndi magazi kapena ndine?

WakuTrav:
Abale ndithandizeni maganizo poti mutu wangoima. Ena mukudziwa kuti ndili ku Sweden chaka chachiwiri tsopano, vepi yanga ndi yosamala mahatchi a mpikisano, aja amakoka kangolo ka mateyala awiri munthu atakhala kumbuyo, kuno amati trav. Ndimasamala asanu ndi awiri koma pali kamsoti kena ka zaka 3 komwe ndimakakonda heve, dzina lake lenileni lilime langa limakana nde ndimangoti Nangozo. Miyezi iwiri yapitayi Nangozo wayamba khalidwe loti akangofika pa liwiro lenileni amasiya trot n'kuyamba kugalopa, ndiye kuno hatchi ikagalopa kwambiri pa mpikisano amaichotsa basi, ndalama zapita. Sabata yatha ndaona mfundo ya mwendo wakumbuyo wakumanzere, ija imaoneka ngati bondo lopindikira kumbuyo ija, yatupa ngati muli madzi. Sakutsimphina kwenikweni. Vetenale wajambula X-ray akuti muli kachidutswa ka fupa komwe kanachoka, akuti OCD, pakufunika opaleshoni. Tsono bwana wanga akundiyang'ana ngati ndine ndapalamula, akuti mwina ndinamusiya akudumphadumpha mu mpanda n'kudzipweteka. Mwini hatchi naye akuti ayi ndi magazi a bambo ake, anamugulitsa katundu woola. Ine pakati ngati nyama ya mu sangweji. Alipo odziwa?

Kabwerebwere:
Amwene munapita ku Ulaya kukaweta abulu a azungu kkkkk

WakuTrav:
Bulu ameneyo mtengo wake mutha kumangira nyumba ku Area 49 aise, musamaseke

NaPhiri_Vet:
Achimwene gonani tulo, kachidutswa kameneko simunakaike ndinu. Ndikufotokozereni pang'ono mmene zimakhalira. Mwana wa hatchi akamakula, kumapeto kwa mafupa ake kumakhala kofewa, chichereŵechereŵe chija, ndipo pang'onopang'ono chimasanduka fupa. Muli timitsempha ta magazi tating'ono kwambiri todyetsa malo amenewo. Kamtsempha kamodzi kakafa nthawi yake isanakwane, kachigawo komwe kamadalira mtsempha umenewo sikasanduka fupa bwinobwino, kamakhala kofooka, kenako kamatha kusweka n'kumangolendewera mu mfundo. Izi zimachitika hatchi ili khanda, miyezi yoyambirira yeniyeni, ndipo ena zimapola zokha koma ikamakwana chaka chomwe chatsala chatsala basi. Nangozo ali ndi zaka 3, inu mwafika chaka chathachi, ndiye kachidutswako kanalipo inu mukadali ku Malawi mukudikira visa. Chomwe chachitika n'choti pano wayamba kuthamanga mwamphamvu ndiye mfundo yayamba kudandaula, n'chifukwa chake madziwo. Pamalo pomwe mwatchulapo ndi pomwe OCD imakonda kwambiri kwa mahatchi a mtundu wa Standardbred, omwe mukusamalawo.

WakuTrav:
Achemwali mwanditula chimwala. Ndiye mwini hatchi akunena zoona kuti ndi bambo ake?

NaPhiri_Vet:
Theka zoona theka kupsa mtima. Kumtundu kumathandizira ndithu, pali mahatchi aamuna omwe ana awo amapezeka ndi OCD kwambiri kuposa a anzawo, a ku Norway ndi ku Sweden komweko anajambula ana ambirimbiri n'kuziona zimenezo. Koma si jini imodzi yoti muloze kuti nayi, ndi majini ambiri aliyense akuponyapo kake, komanso theka la magazi ndi la mayi, anthu amaiwala dala poti mayiyo amakhala wawo. Kenako pali kaleredwe, mwana wodyetsedwa chakudya champhamvu kwambiri kuti akule msanga akaoneke bwino pa msika, mwana wosowa mchere wa kopa mu zakudya, mwana wongotsekeredwa m'khola masiku angapo kenako n'kumutulutsa athamange ngati wamisala pamalo oterera. Zonsezo zimawonjezera.

Abulu_aDedza:
Pepani ndalowerera. Mwati majini? Hatchi ili ndi majini? Ndiye bwanji osaitana abusa adzaipempherere

Kabwerebwere:
Kkkkkkk akulu mwandipha, si majini a ziwanda awa

NaPhiri_Vet:
Kkkk bambo a ku Dedza, ndikunena tizinthu ta mu DNA timene mwana amatengera kwa makolo, make mbuu mwana mbuu uja. Awa satuluka ndi pemphero la usiku.

Ontario265:
Ine ndikugwira ntchito pa famu yoswetsa mahatchi omwewa kuno ku Canada chaka cha 6 tsopano. Kuno OCD sitiyiona ngati nkhani ya maliro ayi. Ana ambiri amajambulidwa akamayandikira chaka, wopezeka ndi kachidutswa amakachotsa ndi kakamera kaja amalowetsa pa kabowo kakang'ono, pofika nthawi ya msika wa ku Lexington mu Okutobala kapena wa ku Harrisburg mu Novembala bala linapola kalekale. Ambiri amathamanga bwinobwino pambuyo pake. Koma chomwe ine chimandidandaulitsa n'chakuti poti opaleshoni ndi yosavuta palibe amene amasiya kukweretsa hatchi chifukwa cha OCD, ukachotsa kachidutswa mu mwendo sunachotse mu magazi, mwana uja akadzapambana mipikisano naye adzabereka ana mazanamazana, vuto likungoyenda. Ndipo mtunduwu ndi wopanikizana kale. Pafupifupi Standardbred aliyense mukamutsata mumakafika kwa hatchi imodzi, Hambletonian 10, yobadwa 1849 ku New York, inabereka ana opitirira 1,300. Ndiye masiku ano umuna amautumiza pa ndege wozizira kapena wowumitsidwa mu ayezi, nkhunzi imodzi ili ku New Jersey ana ake akubadwa ku Sweden, ku Italy, ku Australia. Bungwe la USTA, loyang'anira mahatchi amenewa ku America, linachita kuika malire kuyambira 2009, nkhunzi yatsopano ya trot isapitirire akazi 140 pa chaka, chifukwa anaona kuti magazi akuchepera.

Abulu_aDedza:
Izi nde ndikuzimva tsopano. Ife kumudzi tonde mmodzi akakhalitsa m'khola zaka zambiri akukwera ana ake omwe, timbuzi timayamba kubadwa tonyozoloka, tina timafa tisanayamwe n'komwe. Timachita kusinthana atonde ndi a mudzi wina. Ndiye azungu ndi sukulu zawo zonsezo sakudziwa zimenezi?

Ontario265:
Akudziwa bambo, kuposa ife. Koma ndalama. Aliyense akufuna mwana wa Muscle Hill, yemwe anapambana mpikisano waukulu wotchedwanso Hambletonian mu 2009 ndipo pa mipikisano 21 anagonja kamodzi kokha. Mukapita ndi mwana wa nkhunzi yosatchuka pa msika anthu amangodutsa ngati tomato wa dzana.

Tiketi_Oslo:
Ine mundikhululukire koma nkhani yoti mtundu ukuwonongeka sindigwirizana nayo. Manambala sanama. Dzina loti Standardbred linabwera chifukwa mu 1879 anaika muyezo woti hatchi ilembedwe m'kaundula ikatha mailo imodzi mu mphindi 2 ndi masekondi 30. Lero hatchi yothamanga choncho angaiseke ndi ana omwe. Hatchi yotchedwa Greyhound mu 1938 inatha mailo mu 1:55 ndi kota dziko lonse linagwedezeka. Homicide Hunter mu 2018 ku Lexington 1:48.4 pa trot. Bulldog Hanover mu Julayi 2022 ku Meadowlands 1:45.4, zomwe ndi pafupifupi makilomita 55 pa ola akukoka munthu. Mtundu wodwala ungachite zimenezo?

Ontario265:
Akulu musaphatikize. Bulldog Hanover ndi pacer osati trotter, ndi magemu awiri osiyana. Komanso liwiro limenelo si magazi okha, tingolo ta masiku ano n'topepuka kwambiri poyerekeza ndi ta nthawi ya Greyhound, mabwalo amakonzedwa bwino, zakudya, nsapato. Ndipo kuthamanga kwambiri si umboni woti uli bwino m'thupi. Kuno ku Guelph madokotala a pa sukulu ya ziweto amalandira ma Standardbred omwe mtima wasokonekera kagundidwe, hatchi ili patsogolo bwinobwino mwadzidzidzi yangozima ngati galimoto yatha mafuta, ndipo atafufuza anapeza kuti vutoli limayenda m'mabanja. Amaukonza ndi mankhwala a quinidine kapena ndi magetsi kudzera mu mawaya olowetsa mu mtsempha, njira ya magetsiyo anaiyambitsa konkuno. Inu mumangoona tiketi yanu yafa, simudziwa chachitika mkati.

MayiWaAwiri:
Pepani ife osadziwa, pacer n'chani trotter n'chani? Ine ndimaona ngati hatchi ikuthamanga basi

WakuTrav:
Mayi, trot ndi pomwe mwendo wakutsogolo wakumanja ukuyendera limodzi ndi wakumbuyo wakumanzere, mopingasa, ngati mmene galu amanjanjira akamapita kwawo. Pace ndi pomwe miyendo ya mbali imodzi ikuyendera limodzi, kumanja yonse kenako kumanzere yonse, hatchi imachita kugwedezeka uku ndi uku ngati ngamila. Ku America ndi ku Australia ambiri ndi ma pacer ndipo amawamanga malamba m'miyendo kuti asasokoneze sitepe, kuno ku Sweden ndi ku France ndi trot yokhayokha. Chovuta n'choti hatchi mwachibadwa ikafuna liwiro imagalopa, ndiye ife tikuiuza kuti thamanga ndi mphamvu zako zonse koma usagalope.

MayiWaAwiri:
Ngati mpikisano woyenda ndawala uja wa anthu ogwedeza m'chiuno uja eti

WakuTrav:
Ndendende kkkk

NaPhiri_Vet:
Apa mpomwe pali nkhani yokoma, ndipo achimwene a WakuTrav muli pa gwero penipeni. Mu 2012 akatswiri a ku Uppsala, motsogozedwa ndi Leif Andersson, anapeza jini imodzi yotchedwa DMRT3. Anayambira pa mahatchi a ku Iceland, amafuna kudziwa chifukwa chomwe ena amatha pace ena ayi. Jini imeneyi imagwira ntchito m'maselo a mu msana omwe amagwirizanitsa kayendedwe ka miyendo, kumanja ndi kumanzere, kutsogolo ndi kumbuyo. Mahatchi ena ali ndi kusintha kwa chilembo chimodzi chokha komwe kumadula puloteni yake isanathe, ndipo zotsatira zake hatchi imatha kukhalabe pa trot kapena pace pa liwiro lomwe inzake ikanagalopa kale. Wotengera kusinthako kwa makolo onse awiri amati AA, kwa kholo limodzi CA, wopanda CC. Pa kafukufuku yemweyo anayeza mahatchi 61 a pa khola limodzi, awiri okha ndi omwe ankavuta kusunga trot pa liwiro, ndipo awiri omwewo ndi omwe anapezeka CA, ena onse AA. Ndiye funso langa kwa inu, Nangozo makolo ake ndi a magazi a ku America okhaokha kapena muli chi French? A ku America pafupifupi onse ndi AA, kuyeza n'kutaya ndalama. Koma a ku France chilembo C chija chikadalipo.

WakuTrav:
Bambo ake ndi wa magazi a ku America, koma mayi ake agogo ake aamuna ndi French. Shaa ndiye mwina ndi zimenezo?

NaPhiri_Vet:
Mwina, kuyeza kwake n'kosavuta, amangozula ubweya pang'ono wa kumchira ndi mizu yake n'kutumiza ku labu. Koma ine ndikuganiza kuti chikumugalopetsa ndi ululu. Mwanena kuti wayamba miyezi iwiri yapitayi. Majini sasintha pa zaka 3, akanakhala CA wovutika mukanamuona kuyambira pomwe anayamba kumuthamangitsa.

Tiketi_Oslo:
Musanyoze a French amwene. Ready Cash anapambana mpikisano waukulu wa ku France, Prix d'Amérique, ku Vincennes 2011 ndi 2012, kenako ana ake ndi omwe anayamba kulamulira, Bold Eagle 2016 ndi 2017, Readly Express wa ku Sweden konko 2018, Face Time Bourbon 2020 ndi 2021. Mamita 2,700 ndi chitunda pakati, pa dzinja la Januwale, American wozolowera mailo imodzi amafika pomaliza lilime lili panja. N'chifukwa chake a ku Sweden amasakaniza dala, liwiro la America ndi kupirira kwa France.

NaPhiri_Vet:
Palibe wanyoza akulu. Ndipo jini imodzi si hatchi yonse. Onani mahatchi a kwanu konko, ma coldblood a ku Norway ndi Sweden aja onenepa a ubweya m'miyendo, kwa iwo mitundu itatu yonse AA, CA ndi CC imapezeka ndipo imathamanga.

Tiketi_Oslo:
Eya Järvsöfaks, mipikisano 234 anapambana 201. Koma naye anabereka ana ochuluka zedi moti pano kupeza coldblood yopanda iye m'magazi ndi ntchito, mtundu wake ndi waung'ono kale. Apa nde ndavomera za a Ontario pang'ono, pang'ono pokha.

Chimwene_Joni:
Moni nonse ndachedwa. Ine ndili ku Joni ndimasamala mahatchi a mpikisano wokwera pamsana, ma Thoroughbred, aMalawi tilipo ambiri m'makola kuno. Kwa ife umuna wa mu ayezi ndi woletsedwa, nkhunzi iyenera kukwera yokha apo ayi mwana salembedwa. Koma ndikufuna ndinene za bwana wanu a WakuTrav. Hatchi ikapambana amajambulitsa ndi trainer ndi mwini wake, ikadwala ndi groom, ife osamalafe. Ine zinandichitikira, kamsoti kena kanauma minofu ya kumbuyo titangotuluka, thukuta kamukamu, sikakutha kusuntha, mkodzo wakuda ngati Coke. Anandikalipira pamaso pa anthu kuti ndinakapatsa chakudya chambiri Lamulungu pomwe sikanathamange. Chakudyacho analemba pa bolodi ndi iwo omwe. Kuyambira pamenepo ndili ndi kope langa, chilichonse ndimalemba, tsiku, ola, chomwe wadya, kutentha kwa thupi, mwendo ukatentha ndimajambula pa foni. Lembani amwene, pakamwa pokha mlendo sawina mlandu.

WakuTrav:
Zoona zimenezo, kope ndigula mawa. Kuuma minofu kumeneko kunonso kuliko, makamaka timisoti tamanthamantha.

NaPhiri_Vet:
Ndipo chodabwitsa chake, atafufuza ma Standardbred a ku Sweden anapeza kuti omwe amauma minofuwo ambiri ndi akazi, komanso ndi omwe anali ndi nthawi zabwino pa mpikisano kuposa anzawo. Ndiye mukamasankha othamanga okhaokha kuti abereke, mwina mukusankhanso vutolo osadziwa. A Tiketi mwamva?

Tiketi_Oslo:
Ndamva adokotala, mwandigwira pakhosi

Abulu_aDedza:
Ine funso langa ndi lina. Bwanji mmodzi wa inu atibweretsere hatchi yotha ntchito imodzi kuno, ine ndiimange pa ngolo yanga, mbatata ya kachewere ndizikafikitsa pa msewu mu mphindi khumi. Abulu angawa mpaka dzuwa lifike pamutu.

Ontario265:
Kkkk komatu simukunama bambo, kuno zimachitika. Ma Standardbred opuma mpikisano ambiri amagulidwa ndi a Amish ndi a Mennonite, anthu a mpingo aja ambiri sayendetsa galimoto, amakokera ngolo zawo popita ku tchalitchi ndi ku msika. Ndi mahatchi ofatsa, anazolowera kale zingwe.

Chimwene_Joni:
Bambo a ku Dedza musayerekeze. Kuno kum'mwera kwa Africa kuli matenda a African horse sickness, amafala ndi timbalame... ayi pepani, tizilombo touluka tating'ono kuposa udzudzu toluma madzulo ndi m'mamawa. Hatchi yochokera ku Ulaya yopanda katemera ikadwala mapapo amadzaza madzi, thovu m'mphuno, masiku ochepa yapita, mwa khumi mwina ipulumuke imodzi. Bulu wa kwathu amapirira, mbidzi ndiye imangosunga kachilomboko osadwala n'komwe. Ife kuno timabaya katemera chaka ndi chaka. Onjezani kashembe ndi nkhupakupa. N'chifukwa chake kumudzi mahatchi mumangowaona pa phiri la Zomba ndi malo ochepa a alendo. Sungani abulu anuwo, sadya ndalama.

Kabwerebwere:
Timbalame kkkkk hatchi yolumidwa ndi mpheta

Chimwene_Joni:
Ndalemba ndili ndi tulo iwe, ndadzuka 4 koloko

MayiWaAwiri:
Koma ine chikundiwawa n'chakuti kanyama ka zaka 3 kali kale pa opaleshoni chifukwa cha juga ya anthu. Si nkhanza zimenezi? Osangokapatsa mankhwala opha ululu bwanji

WakuTrav:
Mayi mankhwala opha ululu ndiye nkhanza yeniyeni, hatchi imathamangira pa bala osamva mpaka kuwonongeratu mfundo. Kuno malamulo ndi okhwima, hatchi siloledwa kulowa mpikisano mankhwala ali m'thupi, amayeza mkodzo ndi magazi. Nkhani ya Propulsion inagwedeza dziko lino, anapambana Elitloppet ku Solvalla mu 2020, mpikisano waukulu kwambiri kuno, kenako zinadziwika kuti ali ku America anamudula mitsempha ya ululu ya kumapazi, zomwe kuno n'zoletsedwa. Anamulanda chipambano n'kupatsa hatchi ina, Cokstile. Anthu mpaka lero pa khofi amakanganabe kuti wolakwa ndani. Sindikunena kuti masewerawa ndi oyera, mahatchi ambiri a mpikisano ali ndi zilonda za m'mimba chifukwa cha kudya tirigu wambiri udzu wochepa ndi nkhawa za maulendo, ine ndimaziona. Koma kuchotsa kachidutswa n'kumuthandiza.

Tiketi_Oslo:
Kuno ku Norway chikwapu anachiletsa kalekale mu 1982, madalaivala amathamangitsa ndi zingwe ndi pakamwa basi. Pomwe kwa a Ontario uko hatchi yotuluka magazi m'mapapo amaibaya mankhwala a Lasix tsiku la mpikisano n'kuilola ithamange.

Ontario265:
Zoona, ndipo sindiikira kumbuyo. Ndi nkhani yomweija ya kachidutswa, mwabisa vuto, hatchi yawina, yakabereka. Koma tibwerere kwa mwini hatchi uja akuti anagulitsidwa katundu woola. Mumuuze za Maverick. Mu 2019 ku Lexington anagulidwa pa 1.1 miliyoni ya madola ali ndi chaka chimodzi, woyamba mu mtunduwu kufika miliyoni, chifukwa mkulu wake Greenshoe, bambo mmodzi mayi mmodzi, anali akuwotcha chaka chimenecho. Pa bwalo sanafike pomwe panafika mkulu wakeyo. Magazi omwewo ndendende pa pepala. Ndiye ngati anthu a miliyoni amagwa nayo, iye ndani.

Abulu_aDedza:
Ngakhale kwathu, bere limodzi wina ndi mphunzitsi wina ali ku Maula

WakuTrav:
Ndabwera ndi ripoti abale, pepani masiku apita. Ndinamuuza bwana zomwe ananena a NaPhiri zoti kachidutswa kamayamba hatchi ili khanda, anangoti hmm, koma madzulo ndinamumva akufunsa vetenale pa foni ndipo anamuuza zomwezo. Kenako zinadziwika kuti Nangozo pogulidwa ali ndi chaka sanajambulidwe n'komwe, mwini wake anakana kulipira X-ray. Ubweya tinatumiza, wabwera AA, ndiye agogo a chi French aja alibe mlandu. Opaleshoni yachitika Lachiwiri, atulutsa tizidutswa tiwiri, kamodzi ngati nyemba kena ngati njere ya mapira, anandipatsa mu kabotolo. Pano ali m'khola ndi bandeji, akachotsa ulusi ndiyamba kumuyendetsa pamanja mphindi zochepa pa tsiku, wosula nsapato naye akuti adzamuonanso ziboda zakumbuyo asanabwerere pa ngolo. Bwana sanapepese koma pa nthawi ya khofi ya Lachisanu, kuno amati fika, anandiikira mabanzi a sinamoni awiri m'malo mwa limodzi.

NaPhiri_Vet:
Muzimugwira mfundoyo m'mawa uliwonse, ikatentha kapena akakana kuponda itanani vetenale tsiku lomwelo osadikira. Ndipo chakudya champhamvu chija muchepetse pomwe ali chigonere, mungadzaumitse minofu ngati a Joni.

Chimwene_Joni:
Mabanzi awiriwo mulembenso mu kope

Abulu_aDedza:
A NaPhiri poti mwamaliza za azunguzo, bulu wanga wamkazi watupa pamwamba pa chiboda chakutsogolo kuyambira Lolemba ndipo akuponda monyinyirika, ndikutumizireni chithunzi ku inbox?